Dontho ndi Mchira

Mayi Effie Strachan anabwera Lachiwiri, mvula ikuwaza,
kapepala kopinda kanayi kali m'thumba la jasi.
Ine ndinali ndi miyezi isanu yokha
pa ntchito yozokota miyala ya pamanda kuno ku Peterhead,
kumene mphepo ya kunyanja imaluma makutu
ndipo fumbi la mwala limatsalira m'mano mpaka Lamulungu.

Mizere iwiri ya Chingerezi, inki yabuluu.
Wapamwamba unkati: Anaikonda nyanja;
wam'munsi: nyanja sinamubweze.

Ndinati, Mayi, apa tingoika mpatuliro,
semikoloni imavuta pa mwala,
dontho ndi mchira zimayandikana, pakati pangabenthuke.

Anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya mpango.
Zaka makumi atatu ndi zinayi ndaphunzitsa Chingerezi, anatero,
sindinalolepo mwana kumanga ziganizo ziwiri
ndi kaulusi ka mpatuliro. Kamaduka.
Werenga mzere woyambawo. Ukuima wokha?
Ndinati ukuima.
Wachiwiriwo?
Nawonso ukuima.
Ndiye ndi akuluakulu awiri amenewo,
aliyense ali ndi miyendo yake.

Nanga mpumiro? ndinafunsa.
Dontho limodzi, ntchito yatha, mtengo watsika.

Apo anakhala chete, akuyang'ana miyala yopanda mayina
itatsamira khoma ngati anthu odikira basi.
Mpumiro umatseka chitseko, anatero pang'onopang'ono.
Ukauika, chikondi chake chikhala nkhani ina,
imfa yake nkhani inanso.
Koma Fergus anamira m'chimene ankachikonda.
Ziganizozi zigone chipinda chimodzi,
ngakhale mabedi akhale awiri.

Bwana wanga, Lachlan Cruden, anasuzumira ali kuseri kwa makina,
ndevu zili mbuu:
Bwanji tiikepo liwu loti koma?

Mukaika koma, semikoloni ichoke, mpatuliro ukwanira,
sayendera limodzi awiriwo.
Komatu ine sindikufuna koma.
Koma amaloza chala, amaweruza.
Ine sindinabwere kudzaimba nyanja mlandu.
Wowerenga aime pakatipo, apume theka la mpweya,
alumikize yekha.

Anatembenuza kapepala. Kumbuyo kwa mwala, anati,
mulembe madoko amene ankagonako:
Lerwick, ku Shetland; Bergen, ku Norway; Esbjerg, ku Denmark.
Apa ntchito yake ndi ina, ndi mpanda.
Dzina lililonse lanyamula kale mpatuliro wake,
mukaonjezera mipatuliro ina
mlendo adzawerenga malo asanu ndi amodzi
pamene munthu anagona atatu.

Ali pakhomo anacheuka.
Chilembo chotsatira chikhale chaching'ono, wamva?
Chiganizo sichinayambe mwatsopano, chikupitirira.
Ndipo usadzazolowere kuimwaza paliponse.
Ana anga a sukulu akangoidziwa
ankaithira ngati mchere wa munthu woledzera.

Lachisanu ndinaigwira ntchitoyo.
Zilembo zonse zinatha masana,
ndinasiya kamalo kamodzi kumapeto kwa mzere woyamba.
Ndinanola tchizulo kawiri.
Dontho linali losavuta, kugogoda kasanu.
Mchira ndiye unanditulutsa thukuta m'nyengo yozizira,
kupinda mwala wouma kuti uoneke ngati wagwedezeka,
chala chimodzi pansi pa dontho, osapitirira.
Lachlan anaima kumbuyo kwanga osanena kanthu,
ndinkangomva mpweya wake wa fodya.

Sipanabenthuke.

Tinauimika pa manda opanda mtembo,
moyang'ana kudoko kumene maboti amatulukira usiku.
Mayi Strachan sanawerenge mawu, ankawadziwa.
Anavula gulovu,
naika chala pa dontho, kenako pa mchira,
monga mmene ankachongera makope.

Ndimadutsako pokwera basi ya m'mawa.
Mvula ikagwa, kadontho kamadzaza madzi,
akasefukira amatsikira mumchira,
kenako pa mzere wachiwiri.